Kuthamanga pa phiri la Mulanje: konzekerani nthawi imene miyendo idzakane

Munthu amene amamaliza makilomita 20 pa msewu wa tala m'maola awiri asayembekeze kuti pa phiri la Mulanje zidzakhala chimodzimodzi. Mtunda womwewo ungamudyere maola 4, 5 kapena kupitirira. Kuchoka pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula kukafika m'dambo la Chambe mumakwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo mumawakwera pa mtunda waufupi. Choncho pa phiri ulendo umawerengedwa ndi maola ndiponso mamita okwera. Makilomita amanamiza.

Njira imene othamanga ambiri amaidziwa ndi ya mpikisano wa Porters Race, umene umachitika m'mwezi wa July. Unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati mpikisano wa anyamata onyamulira alendo katundu, koma lero aliyense amalowa. Amayambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa pamwamba kupita ku Lichenya, kenako kutsikiranso pa Likhubula, makilomita opitirira 20. Opambana amabwerako patangodutsa pang'ono maola awiri. Nthawi imeneyi musadziyezere nayo. Ambiri mwa iwo anakulira m'mphepete mwa phirili ndipo miyala yake akuidziwa umodziumodzi. Mlendo woyenda pang'onopang'ono amatha maola 3 kapena 4 kuti angofika pa kanyumba kogona alendo ka Chambe.

Chimene ndimafuna aliyense amvetse asanavale nsapato ndi ichi: pa phiri ngozi siiyamba mukuthamanga, imayamba mukaima. Mukuthamanga thupi limatentha, kamalaya kamodzi kamakukwanirani. Koma mukabinya kakolo pakati pa Chambe ndi Lichenya, malaya ali chinyowere ndi thukuta, mphepo ikuwomba, m'mphindi 20 mumayamba kunjenjemera. Mamita 1,000 alionse amene mwakwera amachotsa madigiri pafupifupi 6 pa kutentha kwa mpweya, ndipo mphepo ndi chinyontho zimawonjezera kuzizira pamwamba pa pamenepo. M'miyezi ya June ndi July pamwamba pamagwa chisanu usiku. Galimoto siifikako. Amene adzakutsitseni ndi anthu, pa machira, ndipo kuti uthenga ufike pansi iwo n'kukwera pamapita maola ambiri. Ndiye katundu wa m'chikwama musamuyeze ndi ulendo umene mukuulakalaka, mumuyeze ndi maola amene mungakhale pansi mukudikira.

Jekete yotchinga mvula ndi mphepo, yokhala ndi chipewa chake, ikhale yoyamba kulowa m'chikwama ngakhale kumwamba kuli mbee. Onjezani malaya a mikono italiitali ouma, okulungidwa mu jumbo kuti thukuta la kumsana lisawapeze, chipewa chofunda, tochi ya pamutu yokhala ndi mabatire atsopano, wezulo, bandeji yotamuka imodzi ndi pulasitala. Jumbo yaikulu yakuda yotayira zinyalala siilemera, koma mukaiboola potulukira mutu n'kuivala imasunga kutentha kwa thupi modabwitsa. Malaya a thonje asiyeni kunyumba: amamwa thukuta, sauma, ndipo ndi amene amazizitsa munthu. Majuzi a mpira a pa kaunjika, opepuka aja, amagwira ntchitoyi bwino. Foni ikhale yodzaza moto, koma musaidalire, netiweki imagwira pa zitunda zina n'kusowa m'zigwa.

Mdani wamkulu pa Mulanje ndi chiperoni. Kuyambira May mpaka August mphepo yozizira, yonyowa, yochokera kum'mwera chakum'mawa imabweretsa chifunga ndi mvula yowaza, ndipo imatha kukhala masiku angapo osachoka. Imabwera mofulumira. Pamwamba, pamene njira imadutsa pa thanthwe lopanda dothi, mapazi a anthu sasiya chizindikiro, ndipo chifunga chikatseka simuona ngakhale mamita 10 kutsogolo. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kutsata mtsinje poganiza kuti madzi awatsitsira kumudzi. Mitsinje ya pa Mulanje imatsika kudzera pa mathithi ndi maphompho, osati pa njira ya munthu. Mukaona kuti njira yakusowani, imani pomwepo. Valani zofunda musanayambe kumva kuzizira. Ngati malo omaliza amene munali otsimikiza ali pafupi, bwererani pamenepo. Ngati ayi, khalani kuseri kwa mwala kumene mphepo sikufika, mukhalire chikwama osati thanthwe, ndipo muziliza wezulo. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anafa ndi kuzizira pa ulendo wa ku Sapitwa atapitirira yekha popanda womulondolera. Nsonga imeneyo, ya mamita 3,002, si ya othamanga ayi: ndi yokwawa ndi manja pakati pa miyala ikuluikulu, ndipo imafuna tsiku lakelake kuchokera pa kanyumba ka Chisepo.

N'chifukwa chake nkhani ya wolondolera njira sindiinyengerera. Lembetsani pa ofesi ya Likhubula, nenani njira imene mudzere ndi nthawi yobwerera, ndipo tengani gaidi wodziwika pa ofesipo. Muuzeni poyambirira kuti mukufuna kuthamanga, chifukwa alipo ena amene amachita nawo mpikisano ndipo adzakusiyani kumbuyo ndinu. Mugwirizane mtengo musananyamuke. Mumufunsenso za mmene njira zilili panopa, popeza namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anagumula mbali zina za phiri, ndipo zimene munamva kwa munthu amene anakwera kale mwina sizili choncho lero.

Pokwera ku Chambe pali njira ziwiri. Ya Skyline ndi yaifupi koma yoimirira, ndipo dzuwa likakwera imawotcha. Ya Chapaluka imatsata mtsinje, imadutsa kufupi ndi Dziwe la Nkhalamba, ili ndi mthunzi wochulukirapo, koma miyala yake imaterera ndipo mvula ikagwa powolokera pamavuta. Iliyonse imene mwasankha, chitunda choimirira musachithamange. Yendani mwamphamvu, masitepe aafupi, manja atagwira pa ntchafu pamwamba pa mawondo n'kumakankha. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu kwa mnzanu, mwapitirira liwiro, ndipo ngongole imeneyo mudzaibweza ku Lichenya. Thamangani pamene pakhala see.

Kutsika ndiye kumene kumaswa anthu, ndipo ndi kumene ambiri sakukonzekera. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, imakokedwa uku ikulimbana ndi kulemera kwa thupi, ndipo imang'ambika ting'onoting'ono mkati. Munthu amene sanaizoloweretse amafika pakati pa mtsetse miyendo ikunjenjemera, osathanso kuponda pamene maso afuna. Mantha amamupangitsa kutsamira chagada n'kumaponda ndi chidendene mwendo utawongoka, ndipo pamenepo mpamene nsapato imaterereka. Chofunika ndi masitepe aafupi, ofulumira, mawondo opindika pang'ono, chifuwa chili pamwamba pa mapazi, manja otambasuka m'mbali. Maso ayang'ane mamita 3 kapena 4 kutsogolo, osati pa zala. Thanthwe louma la pa Mulanje limagwira nsapato bwino kwambiri, koma pamene lada ndi madzi kapena pamera ndere limaterera ngati therere. Mizu yonyowa ndi masamba ouma a paini ndi chimodzimodzi: pondani pakati pa mizu, osati pamwamba pake. Pamalo oopsa kukhala pansi n'kutsetsereka ndi matako si manyazi.

Nsapato ikhale ya mano akuya, mamilimita 4 kapena 5, ya mphira wofewa. Ya pa msewu yosalala kunsi ndi yokagwetsa. Pogula, siyani mpata wa chala chachikulu cha kumanja pakati pa chala chanu chachitali ndi kumapeto kwa nsapato, chifukwa phazi limatupa ndipo potsika limakankhikira kutsogolo. Zikhadabo zakuda zimene zimadzazuka zija zimayamba choncho. Musanayambe kutsika, imani mumangenso zingwe molimba pafupi ndi kakolo. Nsapato yatsopano isayambire pa phiri. Pakani Vaseline pakati pa zala ndi m'mphechepeche, ndipo mukamva malo akutentha pa phazi matani pulasitala nthawi yomweyo, thuza lisanatuluke.

Pa zakudya, thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse mukadutsa ola loyamba. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25. Mbatata yophika yowaza mchere, buledi wopaka uchi, zitumbuwa, zonsezi zimathandiza ndipo m'mimba mwathu munazizolowera. Mtedza ndi wabwino koma umachedwa kugayika, usungireni pa nthawi yopuma. Idyani pang'ono mphindi 30 kapena 40 zilizonse musanamve njala, chifukwa mphamvu zikatha mwadzidzidzi mutu umazungulira ndipo mapazi amayamba kuphonya miyala. Madzi, theka la lita pa ola ndi poyambira pabwino, kuwonjezera kukatentha. Nyamulani malita 1.5, botolo limodzi likhale la Thanzi ORS, kapena sakanizani nokha masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Kumwa madzi okhaokha ochuluka kwa maola ambiri kumachepetsa mchere m'magazi, munthu n'kuyamba mutu, nseru ndi kusokonezeka. Mitsinje ya pamwamba ndi yambiri, koma tungani kumtunda kwa tinyumba togona alendo, osati kumunsi, ndipo ngati mukukayika thirani WaterGuard n'kudikira mphindi 30.

Kukonzekera kumafuna masabata 8 mpaka 12 kwa munthu amene amathamanga kale. Kamodzi pa sabata pezani chitunda chenicheni: a ku Blantyre ali ndi Michiru, a ku Zomba ali ndi njira ya Potato yokwera ku Ku Chawe, a ku Lilongwe angapite ku Nkhoma, Bunda kapena Dedza. Kwerani, tsikani mothamanga, bwerezani. Kupweteka kwa ntchafu kumafika pachimake patapita masiku awiri, koma ulendo wachiwiri kumachepa kwambiri, ndipo ndicho chimene mukufuna. Kuimirira ndi mwendo umodzi kwa mphindi imodzi tsiku lililonse, kenako mutatsinzina, kumalimbitsa akakolo.

Nyamukani kukangocha. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko ndi theka, ndipo m'nkhalango mdima umayamba msanga kuposa pamenepo. Ikani nthawi yobwerera musananyamuke, mwachitsanzo kuti ikakwana 11 koloko musanachoke ku Chambe, za Lichenya zalephereka, mutsikire kumene munadzera. Kuyambira September mpaka November vuto ndi kutentha ndi moto wolusa m'maudzu. Moto umathamanga kukwera chitunda kuposa munthu, choncho musayese kuupitirira chokwera, pitani cham'mbali kapena pamalo opsa kale. Nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza m'kanthawi kochepa, ndipo madzi othamanga ofika m'mawondo amakokolola munthu wamkulu. Dikirani aphwe. M'munsi mwa phiri samalani chitedze, ndiponso mphiri, imene imagona pa njira osathawa. Wolumidwa asatemedwe, asayamwidwe bala, asamangidwe chingwe cholimba. Mumuvule mphete ndi wotchi, asayendeyende, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala.

Mnzanu akayamba kunjenjemera kwambiri, kulankhula mokoka lilime, kupunthwapunthwa kapena kuyankha zosagwirizana, kuzizira kwamulowa mkati. Akasiya kunjenjemera koma asanafundidwe, zafika poipa. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumuchotse pa thanthwe ndi pa mphepo, ndipo ngati akutha kumeza mupatseni chakumwa cha shuga. Mowa ayi. Ngati kanyumba kali pafupi, mlonda wake amakhala ndi nkhuni ndi moto.

Chomaliza ndi njira yeniyeniyo. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo pamwamba pali malo amene anthu akubzalamo mbande zatsopano. Wothamanga akamadula makona kuti apulumutse masekondi amaponda mbandezo ndi kutsegula kanjira kamene mvula imakasandutsa ngalande. Tsatani njira imene ilipo, mapepala a zakudya abwerere m'chikwama, ndipo mukakumana ndi amayi osenza nkhuni kapena anyamata onyamula katundu pa njira yopapatiza, apatukireni ndinu, chifukwa wosenza katundu sangathe kudumphira pambali.