Ndinawombera khoswe, osati mgolo

Poti mlamu wanga wayamba kale kuifalitsa nkhaniyi ku tchalitchi, ndipo Lamulungu lililonse ikumakula, ndati ndiifotokoze ndekha mwini wake. Sindinawombere mgolo wa madzi. Ndinawombera khoswe, mgolowo unangopezeka kumbuyo kwake. Zoti ndinalira nazonso ndi bodza, anali madzi amene anandithovukira kumaso.

Amene munali ku Durban mu Epulo 2022 mukuikumbukira mvula ya pa 11 ndi 12. Malo ena inapitirira mamilimita 300 tsiku limodzi lokha, anthu oposa 400 anamwalira, ndipo pamenepo palibe choseketsa. Makontena ankayandama mumsewu wa N2, fakitale ya Toyota ku Prospecton inadzaza matope n'kutseka miyezi ingapo. Ife a ku Tongaat, tauni ya kumpoto kwa Durban, kanyumba kathu ka lendi kanapulumuka, koma chigumula chinaononga malo oyeretsera madzi a tauni yonse. Mipopi inauma kwa miyezi. Madzi tinkadikira galimoto ya thanki, yomwe inkabwera ikafuna.

Pamzere wa madzipo ndi pomwe aliyense ankalongosola chomwe chachitika. Amayi achizulu ankaimba nyimbo za mapemphero. Mkulu wina wa ku Phalombe, yemwe anaona chigumula cha 1991 ali mnyamata, ankangopukusa mutu kuti Napolo watilondola mpaka ku Joni, ndipo pachipata cha Beitbridge sanamufunse pasipoti. Mnzathu wa ku Chikwawa ankati iye ndiye wamenyedwa mbali zonse: mu Januwale namondwe Ana wakokolola munda wa mayi ake n'kuononga Kapichira, kumudzi mdima, kuno ludzu. Kamnyamata kena kophunzira kankafuna kutiuza za kusintha kwa nyengo koma palibe ankakamvera chifukwa kanali ndi zigubu zambiri kuposa tonse. Ena anakwiya mpaka kukatseka misewu. Ine panthawi yonseyi mutu wanga unali pa makoswe.

Chifukwa makoswe nawo chigumula chinawasamutsa. Anachoka m'ngalande ndi m'minda ya nzimbe n'kudzapempha malo kwathu, osagogoda. Panali mmodzi wamkulu, wodula mchira, yemwe ankadya ufa wathu, sopo, ngakhale chingwe cha chaja. Msampha ankaudziwa kuposa amene anaupanga. Poizoni amayi akunyumba anakana chifukwa cha mwana. Ndiye mlamu yemweyu, amene lero akundiseka, ndi amene anati: "Alamu, kuno mfuti ya mapeleti sifuna laisensi. Gulani imeneyo, nkhani ithe."

Ananena zoona. Lamulo la mfuti la ku South Africa la chaka cha 2000 limati mfuti yoombera ndi mphepo, yomwe chipolopolo chake n'chochepera mamilimita 5.6, munthu atha kukhala nayo popanda laisensi. Lamulo lomwelo limaletsanso kuiwombera pakati pa nyumba za anthu popanda chifukwa chomveka. Ine ndinaona kuti khoswe wodya chaja ndi chifukwa chomveka ngakhale pamaso pa jaji.

Musandiyese mlendo pa zosaka. Agogo anga anali ndi gogodela, ndipo ine ndili mwana legeni yanga njiwa zinkaidziwa. Choncho ndinalowa m'sitolo ija ndili ndi mbiri. Pakhoma panali ma Gamo a ku Spain, ma Hatsan a ku Turkey, zonyezimira zokhazokha, mitengo yake yoti ukaimva umayamba wakhosomola. Ndinatenga yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mapeleti a mamilimita 4.5, yothyola pakati. Umagwira mpope n'kuupinda mpaka sipuling'i yam'kati itakola, kuika peleti, kuwongola, basi yakonzeka. Wogulitsa anati ya 5.5 imamenya molemera koma ya 4.5 peleti yake imayenda mowongoka ndipo ndi yotchipa. Mawu akuti yotchipa ndinawamva bwino.

Ndikanatuluka pomwepo. Koma m'kabati ya galasi munali masikopu, magalasi oonera patali omwe amamangirira pamwamba pa mfuti.

Anzanga, sikopu ndi chinthu chokongola. Wogulitsa ananditulutsira ziwiri. Ina 4x32, kutanthauza kuti imakuza chinthu kanayi ndipo galasi lakutsogolo ndi mamilimita 32. Inayo 3-9x40, yomwe umapotokola kuyambira katatu mpaka kasanu ndi kanayi. Nditasuzumira mu yachiwiriyi ndinawerenga mtengo wa nthochi pa tebulo la mayi wina kutsidya kwa msewu. Bamboyo anandifunsa kuti ndikufuna kuwombera chiyani, patali bwanji. Nditati khoswe, kuseri kwa khitchini, anati sikopu sindikuifuna, timaso tachitsulo tomwe tili kale pamfutipo tikwanira. Koma ananena m'Chingerezi chothamanga, komanso munthu wogulitsa akamakuletsa kugula, umadziwa kuti chinthucho akusungira m'bale wake. Ndinaitenga. Ndinatenganso timphete tomangira sikopu pa kanjanji ka mamilimita 11, tokhala ndi kamsomali koletsa kuti isatsetserekere m'mbuyo, pakuti mfuti ya sipuling'i imagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Lamba wokolekera paphewa ndinatenga. Kachikwama ndinatenga. Panali timiyendo tiwiri toimikira mfuti pansi, ndalama ndi zomwe zinandipulumutsa.

Pa mapeleti tinakanganapo pang'ono. Iye ankati pafupi n'tenge a mutu wafulati, amamenya n'kuima, sapyola. Ine maso anali pa osongoka. Khoswe wodula mchira uja sanali woti n'kumupitira ndi chinthu chafulati. Ndinagula chitini cha 500 cha osongoka.

Ndipo apa mumvetsetse, chifukwa mlamu amadumphapo dala. Sikopu ndinaichuna bwinobwino. Tinapita kufamu komwe mnzanga amagwira ntchito, tinaika chitini pa mamita 25, ndinapotokola timabatani tiwiri ta pa sikopu, ka m'mwamba ndi ka m'mbali, mpaka peleti ikugwera pomwe pali kamtanda kolozera ka m'galasi. Chitini chinaona zakuda. Mboni zilipo. Pa mamita 25 ndine munthu woopsa.

Khoswe anabwera pa mamita asanu.

Unali m'bandakucha. Dzulo lake amayi akunyumba anali ataima pamzere kuyambira tambala woyamba mpaka dzuwa kupendeka, kutunga ndowa imodziimodzi mpaka kudzaza mgolo wathu wa pulasitiki, wakale, woti dzuwa linauwotcha mpaka kuyera. Madzi a sabata yonse. Anagona osadya n'komwe chifukwa cha kutopa. Ine ndinakhala pakhomo la khitchini ndi mfuti pamwendo, nditavala jekete yakuda, pakuti ntchito iliyonse ili ndi yunifolomu yake. Kenako uyo, watulukira. Anakwera pa kamtanda ka mpando womwe unali patsogolo pa mgolo, chakumunsi, n'kukhala tsonga.

Nditaika diso pa sikopu ndinangoona chimbuuzi chotuwa, dziko lonse ubweya. Inali pa 9. Ndinabweza mpaka pa 3, ndipo nkhope yake inatulukira. Sindinayambe ndamuonapo khoswe chonchi. Ndevu zake zinali zoyera kunsonga, kusonyeza kuti ndi wamkulu ndithu, mwina wa zidzukulu. Khutu limodzi long'ambika. Ankapukuta kukamwa ndi timanja tiwiri, modekha, ufa wanga uli mbuu pamphuno. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana m'galasi momwemo. Tinapenyana. Ndinaganiza zoti nayenso ndi wothawa chigumula, nyumba yake inapita ndi madzi, wabwera kudziko la eni kudzafuna chakudya, mapepala alibe. Mtima unatsala pang'ono kufewa. Ndiye ndinakumbukira chaja. Ndinaika kamtanda ka sikopu pakati pa maso ake, ndinagwira mpweya monga anandiphunzitsira kufamu, ndinakhethemula.

Thwa!

Khoswe sanasunthe. Anangoweramitsa mutu kuyang'ana kunsi kwa mapazi ake, komwe china chake chinali chitangodutsa.

Zomwe ndinadzamva pambuyo pake n'zakuti sikopu imakhala pamwamba pa mpope, pafupifupi masentimita anayi. Diso limaona mzere wake, peleti imayenda mzere wake, ndipo mizere iwiriyi imakakumana komwe unachunira. Pafupi peleti imakhala isanakwere, imamenya kunsi kwa pomwe kamtanda ka sikopu kaloza. Izi ndi za sayansi, si za ine. Peleti yanga yosongoka inadutsa kunsi kwa khoswe, kunsi kwa kamtanda ka mpando, n'kukachita ntchito yomwe anaipangira.

Poyamba kunali zii. Kenako ndinamva kaphokoso kakang'ono, tsiiii, ndipo kuchokera m'munsi mwa mgolo munatuluka kamzere ka madzi kowonda, kopindika bwino, ngati kamwana kakamuna kakukodza pakhonde m'mawa. Kankanyezimira ndi getsi la panja. Ndinakayang'ana nthawi yaitali kuposa momwe zimafunikira. Ndinakayang'ananso pa sikopu, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndimati pa galasi kaoneka kosiyana. Kanaoneka kakakulu katatu.

Ndinalumpha n'kutseka bowolo ndi chala. Tsopano onani mmene zinthu zinalili. Ndagwada m'matope, chala cha dzanja lamanja pa mgolo, dzanja lamanzere lagwira mfuti chifukwa sindingaiike m'madzi, lamba wake wandikola m'khosi. Kukuwa sindingathe, pakuti agogo eni nyumba akatuluka aona mlendo wa jekete yakuda ali ndi mfuti ya sikopu m'bandakucha, ndipo za mamilimita 5.6 ndikazifotokozera kupolisi. Foni ili pabedi. Ndowa zonse zili m'nyumba. Ndipo khoswe, anzanga, khoswe anatsika pampando, anayenda mosathamanga mpaka pa kadziwe komwe kanapangika pafupi ndi bondo langa, n'kuyamba kumwa. Madzi a pamzere. Madzi oti anthu akutsekera misewu. Anamwa, anapuma, anamwanso. Atakhuta anapukuta ndevu n'kulowa kuseri kwa mbaula.

Chala chitayamba dzanzi ndinaganiza zanzeru. M'thumba munali machesi. Ndinasolola kamtengo kamodzi ndi mano, ndinachotsa chala, ndinakalowetsa pabowo n'kukankha. Pulasitiki yowotchedwa ndi dzuwa sikankhidwa. Ndinamva "ng'aa", mng'alu unathamanga kukwera m'mwamba, ndipo apa ndi pomwe madzi anandithovukira kumaso. Ndinaukumbatira mgolo ndi thupi lonse, chifuwa pa mng'alu, tsaya pa chivindikiro.

Amayi akunyumba anandipeza chomwecho. Anaima pakhomo atafunda chitenje, anayang'ana ine, mfuti, matope, mpando.

"Abambo, mukutani?"

"Ndikusunga madzi."

"Nanga mfutiyo?"

"Kunali khoswe."

"Ali kuti?"

Funso limeneli ndi lomwe linandipweteka. Sanakalipe, anangolowa m'nyumba n'kutulutsa mapoto, ndowa, beseni la mwana, ngakhale ketulo, ndipo tinapulumutsa mwina theka. Ine ndimati kuposa theka, iwo amati sanafike. Kenako anandipatsa zigubu ziwiri n'kundilozera njira ya kumzere, ndipo kuchokera tsiku limenelo mpaka mipopi inayambanso kutulutsa madzi, woima pamzere m'banja mwathu ndinali ine. Mkulu wa ku Phalombe uja atamva anati Napolo wa ku Michesi amatsika ndi miyala, wa ku Tongaat amabwera ndi sikopu. Dzinali linandikanirira mpaka lero.

Koma musamati ndalama zinapita pachabe. Sikopu ndinaimasula pamfuti, ndipo ndikakwera nayo pa mpanda wa njerwa n'kuipotokola mpaka pa 9, galimoto ya madzi ndinkaiona ikadali kutali kumsewu waukulu, ena onse asanamve n'kulira kwa injini. Banja lathu linkakhala m'gulu loyambirira pamzere. Zimenezi mlamu satchula.

Khoswe uja anadzagwidwa ndi diwa lomwe anatchera mwana wa aneba, wa sitandade 4, ndi mwala wafulati ndi njere ya mtedza. Mwina anali wina, mchira sindinauone bwino. Mfuti ili pamwamba pa kabati. Mapeleti osongoka atsala ambiri m'chitini, wofuna andipeze tikambirane mtengo.