Sabata yokonza chionetsero cha 1959 kumyuziyamu

Lolemba ndi Lachiwiri tinali pa mafayilo a boma la atsamunda okhudza lamulo la chipwirikiti lomwe Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza pa 3 Marichi 1959. Choyamba ndi kuchotsa mapini ndi masitepulo. Dzimbiri lake limadya pepala n'kusiya bowo lofiirira, nthawi zina pomwe pali dzina kapena deti. Timatukula ndi kampeni kopyapyala, pepala litagona patebulo. Selotepi sitiikoka ndi dzanja, chifukwa guluu wake analowerera kale ndipo amachoka ndi inki yomwe.

Nsalu imodzi ya msonkhano wa chipani cha Nyasaland African Congress inapezeka ndi njenjete. Tinaikulunga m'pulasitiki, n'kumata bwino, n'kuiika mufiriji yozizira madigiri 20 pansi pa ziro, momwe ikhale sabata yathunthu. Ikatuluka siimasulidwa mpaka patapita maola 24, kuti chinyontho chitere kunja kwa pulasitiki, osati pansalu. M'chipinda chosungiramo chinyontho timachisunga pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chikapitirira 65, nkhungu imayamba.

Chomwe chinadya nthawi kuyambira Lachitatu ndi mawu a pansi pa zithunzi. Kuseri kwa zithunzi zambiri zakale mzungu aliyense analembedwa dzina ndi udindo wake, koma Aafirika anangotchedwa gulu kapena oukira. Kukopera mawuwo mmene alili n'kulola womanga anthu kuti afotokoze yekha mlandu. Choncho timasunga mawu akalewo m'zilembo zing'onozing'ono, kuti mlendo aone mmene boma linkalembera, ndipo pamwamba timalemba zomwe zatsimikizika. Pa gawo la Nkhata Bay tinalemba kuti omangidwa anali m'sitima ya Mpasa, abale awo anasonkhana padoko, asilikali anawombera. Nambala tinaika ya lipoti la Devlin, woweruza wa ku Britain yemwe anatsogolera kafukufuku wa chipwirikiticho: 20 ophedwa pomwepo ndi 51 m'dziko lonse, n'kunena poyera kuti ndi ya lipotilo. Dzina la munthu sitililemba pokhapokha magwero awiri osiyana agwirizane. Dzina lolakwika limapweteka banja kuposa malo opanda dzina.

Lachisanu tinayesa magetsi. Pepala ndi nsalu sizipirira kuwala kopitirira ma lux 50 (lux ndi muyeso wa kuwala), ndipo mtundu ukafwifwa subwerera. Makalata enieni akhala m'galasi miyezi itatu yokha, kenako tiikamo makope ake, enieniwo abwerere m'makatoni opanda asidi.