Tsiku limene mpweya unafuna kusamuka

Ino ndi sabata yachitatu ndikuwerenga za pranayama, luso la ku India lowongolera kapumidwe, ndipo mawu amene andizunguza mutu ndi prana. Poyamba ndinkangoti ndi mpweya basi, womwewu timakokera m'mapapo. Koma akale a kumeneko ankatanthauza mphamvu imene imayendetsa thupi lonse, ndipo anaigawa pasanu: prana, apana, samana, udana ndi vyana. Ina imagaya chakudya, ina imatulutsa zoipa, ina imazungulira paliponse.

Ndinayamba kumvako nditakumana ndi nthano ya m'buku la Chandogya Upanishad. Akuti lilime, maso, makutu, maganizo ndi mpweya anakangana kuti wamkulu ndani. Atapita kwa Prajapati, mlengi m'nthanoyi, iye anati wamkulu ndi amene akachoka thupi lisauke koposa. Lilime linachoka chaka chathunthu, pobwera linapeza munthu ali moyo, kungoti wosalankhula. Maso anachoka, munthu anakhala wakhungu koma wamoyo. Makutu chimodzimodzi, maganizonso. Tsono mpweya utangoti unyamuke, unayamba kuzula anzake onse ngati hatchi yamphamvu yozula zikhomo zimene aimangirirapo. Onse anagwada, nati: mbuye, khalani, wamkulu ndinu. Ndinaseka ndekha, chifukwa ikumveka ngati nthano za agogo pamoto, ndipo m'Chichewa mwathu mawu akuti kupuma amanena za mpweya, amanenanso za kusiya ntchito pang'ono kuti thupi libwerere m'malo.

Patanjali, mlembi wakale wa za yoga, anaika pranayama pachinayi pa magawo 8 a yoga, pambuyo pa kakhalidwe ka thupi. Buku la Hatha Yoga Pradipika, la Svatmarama, la m'zaka za m'ma 1400, ndilo limalowa mwakuya: kukoka mpweya amati puraka, kuusunga kumbhaka, kuutulutsa rechaka. Limanenanso kuti m'thupi muli njira 72,000 zoyendamo prana zotchedwa nadi, zazikulu zake ida, pingala ndi sushumna.

Apa ndiye ndimakanirira. Njira zimenezi palibe dokotala anazionapo pong'amba thupi, ndipo sindikonda anthu amene amazigulitsa ngati kuti ndi mitsempha yeniyeni. Ndimazitenga ngati mapu a zimene munthu amamva akakhala chete. Chimene chimayezeka n'chakuti mtima umathamangirako pokoka mpweya, n'kuchepetsa liwiro potulutsa, ndipo mtsempha wa vagus, wochokera ku ubongo kupita kumtima, uli ndi dzanja pamenepo. N'chifukwa chake kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumakhazika mtima pansi. Ngakhale ku India komweko, Swami Kuvalayananda anatsegula Kaivalyadhama, malo ofufuzira za yoga, ku Lonavla mu 1924 kuti ayeze zinthu zotere ndi zipangizo.

Ine phuma linandipweteka. Tsiku lachinayi ndinati ndisunge mpweya nthawi yayitali, mutu unazungulira mpaka ndinagwira khoma. Chonsecho Svatmarama anachenjeza kale kuti mpweya umawetedwa pang'onopang'ono ngati mkango, njovu kapena nyalugwe, apo ayi umapha mwini wake. Ndinali nditawerenga mzere umenewo dzulo lake.

Pano ndabwerera ku nadi shodhana, kupuma kosinthanitsa mphuno, yopanda kusunga mpweya: kutseka mphuno yakumanja ndi chala chachikulu, kukoka ndi yakumanzere, kusinthana, mphindi 5 zokha m'mawa madzi a tiyi asanawire. Mphuno yakumanzere imakonda kutsekeka nthawi imeneyo, ndiye ndimayamba ndamina kaye.