Pulogalamu yomwe idayamba ndi ufa

Abale, lero pa 21 Novembala ndikukumbukira King Biscuit Time, pulogalamu ya pa wailesi ya nyimbo za blues. Idayamba tsiku ngati lomweli mu 1941 pa wailesi ya KFFA ku Helena, Arkansas, m'dziko la America, ndipo ikumvekabe mpaka pano. Ankailipirira ndi a kampani yogulitsa ufa, Sonny Boy Williamson akuliza hamonika, Robert Lockwood Jr. ali pa gitala. Chimandikhudza mtima ndi nthawi yake, 12:15 masana, pomwe anthu akuda ogwira ntchito m'minda ya thonje ankapumira kuti adye nkhomaliro. Thukuta lili kamukamu, koma khutu lili ku wailesi, kumva nyimbo zawozawo za blues. Pambuyo pake chithunzi cha Sonny Boy adachisindikiza pa matumba a ufa wachimanga, atakhala pamwamba pa chimanga chachikulu.