7 Epulo ku Ulongwe

Ndadzuka tambala wachiwiri asanalire, chisanu cha kuno ku Angónia chayamba kale kuluma zala. Lero ndi tsiku la amayi a dziko lino la Mozambique, ndiye usiku ndinasita chitenje chomwe tinasonkherana ife ogulitsa mbatata pamsika kuti tivale chofanana. Agogo anakana kutsala kunyumba. Ndawakweza njinga yamoto, iwo kumbuyo atagwira mpango wawo ndi mano.

Kubwalo kunali ng'oma, nthungululu ndi nyimbo za OMM, bungwe la amayi a dziko lino. Akuluakulu anaika maluwa, kenako zolankhula zinayamba m'Chipwitikizi chimene agogo samva. Koma dzina la Josina Machel litatchulidwa anandifinya dzanja. Josina anamwalira tsiku ngati lalero mu 1971 ku Dar es Salaam ali ndi zaka 25 zokha, ufulu wa 1975 sanauone. Pa nkhondo yomenyera ufuluwo anali m'gulu la asilikali achikazi a FRELIMO lomwe linakhazikitsidwa mu 1967. Nkhondo itafika kuno ku Tete mu 1968, agogo anali mtsikana wongotha msinkhu. Mfuti sanagwirepo. Ntchito yawo inali kusenza ufa ndi mabokosi olemera usiku, nkhata pamutu, osatsokomola, osafunsa zili m'katimo. Mpaka lero khosi limawavuta kukazizira. Akuti amuna ena ankaseka kuti nkhondo si ya ovala nsalu, koma nsima yochokera mu ufa womwewo ankadya ndithu.

Wolankhula wina anatchula Luísa Diogo, mwana wa ku Mágoè m'chigawo chathu chino, mayi woyamba kukhala nduna yaikulu mu 2004. Tinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa.

Nkhani yeniyeni ya lero ndaipeza pobwerera. Tapeza amalume atakhala pakhonde, mwana wa mchemwali wanga ali pansi pa mtengo wa pichesi, maso ali pansi, akukanda dothi ndi kamtengo. Ali ndi zaka 16, ali sitandade 9, ndipo ndi woyembekezera miyezi inayi. Akuchimuna abwera kawiri, akuti amutenge. Amalume avomera kale mumtima.

“Nanga mimba ikaoneka, kusukuluko akatani? Akalowe m'banja, manyazi achoke pakhomo pano,” anatero.

Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mawu sindinameze. Ndinati, “Amalume, inu ndinu mwini mbumba, sindikukulandani udindo. Koma kuyambira 2019 lamulo likuletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo okwatitsawo amamangidwa. Sukulunso sangamuthamangitse.”

Izi ndimazidziwa ndi thupi langa. Ine ndinatenga mimba ndili pasukulu nthawi imene lamulo la 2003 linkagwira ntchito, loti mtsikana woyembekezera azisamutsidwira ku makalasi a usiku. Kwathu kunali kutali, njira yodutsa m'dimba, mdima wandiweyani. Ndinapita milungu itatu basi n'kusiya. Lamulo lija linachotsedwa mu 2018, ine nditazolowera kale kuyeza mbatata m'ndowa. Ndikaganiza za zaka 15 zimenezo ndi atsikana onse amene tinathera panjira ija, mtima umandiwawa mpaka pano.

Amalume anakhala chete nthawi yaitali, akupukusa chipewa m'manja. Amene anathetsa nkhani ndi agogo. Sanatchule lamulo lililonse, salidziwa n'komwe. Anangoti, “Mwanawe, ine ndinasenza katundu wa nkhondo usiku kuti mdzukulu wanga adzayende masana. Mwanayu sapita kulikonse.” Amalume sanavomere poyera, angoti akauza akuchimuna kuti adikire, nkhani ya chisamaliro cha khandalo tidzakambirana pamaso pa amfumu. Kwa lero zimenezo zandikwanira.

Madzulo mtsikanayo wabwera kukhitchini ndikuphika, n'kundinong'oneza kuti siketi ya yunifolomu yayamba kumuthina ndipo akuopa anzake amuseka. Ndamuuza kuti mawa m'mawa tipitira limodzi mpaka pakhomo la kalasi, ndikaonane ndi aphunzitsi ake ndekha. Mbatata adzandigulitsira mnzanga wa benchi loyandikana.

Pano ndikulemba ndi tochi ya foni, agogo agona osavula chitenje chawo cha lero. Siketi ija ili pamwendo panga, ndasula m'chiuno, ndatsala kusokerera lasitiki.