Loweruka ku Katoto: filosofi si ya ana a zaka 19 okha

Kwacha ndi chifunga chokhachokha, phiri la Kaning'ina osaoneka n'komwe, mawawa akuwaza monga umakhalira mwezi wa Juni kuno ku Mzuzu. Ndinavala juzi ndi jekete pamwamba, n'kukwera sacramento, njinga ya kabaza, kuchoka ku Chibavi. Pofika ku Katoto, m'kalasi imene mpingo wina umatibwereka Loweruka, ndinapeza anthu atakhala kale, wina atabweretsa fulasiki ya tiyi ndi chinangwa chophika cha ku Nkhata Bay.

M'kagulu kathu kowerenga filosofi, maphunziro ofufuza mwakuya mafunso monga a choonadi, chabwino ndi choipa, mulibe mwana wongochoka kumene ku Fomu 4. Muli mayi wophunzitsa Sitandade 6 pa pulaimale ina ku Zolozolo, muli namwino, muli mnyamata amene anasiya seminale chaka chatha, muli bambo wopuma pa ntchito ya boma, komanso achimwene ena opalasa sacramento pa depoti. Ineyo filosofi ndinaiphunzira ku Zomba, nthawi imeneyo tikumati Chancellor College, ndipo pano ndimaphunzitsa ku sekondale. Anthu amenewa anandipeza mmodzimmodzi, aliyense ndi funso lake limene linkamusowetsa tulo.

Lero tinayamba ndi achimwene a sacramento. Anatulutsa pepala long'ambidwa m'kope, lonyowa m'mbali ndi mawawa aja, n'kuwerenga mwamanyazi.

"Aphunzitsi, mlendo akatsika basi yochokera ku Lilongwe kapena ku Karonga, anzanga amamutchaja mtengo wokwera kuposa wa masiku onse. Iwo amati si kuba chifukwa munthuyo wavomera yekha. Ine mtima umandigunda, koma chowayankha ndilibe."

Ndinatenga choko n'kulemba maganizo a anzawowo pa bolodi m'mizere itatu. Woyamba: chilichonse chimene munthu wavomera yekha si kuba. Wachiwiri: mlendo wavomera mtengo. Wachitatu: choncho kumutchaja kwambiri si kuba. Ndinawauza kuti mizere iwiri yoyamba ikakhala yoona, wachitatu sungathawike, ndiye amene sakugwirizana ndi wachitatuwo aloze mzere umene uli ndi vuto. Imeneyi ndi ntchito ya logic, luso loyesa ngati mfundo zikutsatana bwino, ndipo ku yunivesite amaiphunzitsa chaka choyamba.

Anamwino sanachedwe. Anati mzere woyamba ndi umene ukutsimphina. Kuchipatala, wodwala akasaina fomu ya opaleshoni asanamufotokozere zimene akamuchite, sanena kuti wavomera, chifukwa kuvomera kumafuna kuti munthu adziwe chimene akuvomera. Abambo opuma aja anakana kwamtuwagalu. Anati ngati zili choncho ndiye kuti onse ogulitsa pa Taifa Market ndi akuba, popeza aliyense amayambira mtengo kumwamba kuti wogula anenerere. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza amayi a ku Zolozolo ndi amene anasiyanitsa zinthu ziwirizi: pamsika onse awiri amadziwa kuti mtengo woyamba ndi wongoyambira, pomwe mlendo wofunsa kuti "ku Chiputula ndi zingati" akufunsa mtengo weniweni, ndipo akukhulupirira kuti amuuza zoona.

Apa m'pamene ndinawauza za Immanuel Kant, katswiri wa filosofi wa Chijeremani wa mumzinda wa Königsberg, amene mu 1785 analemba za wamalonda wosakweza mtengo kwa wogula wosadziwa zinthu, ngakhale atakhala mwana. Kant anati kukhulupirika kotere sikutiuza zambiri, chifukwa mwina wamalondayo akungoteteza mbiri ya bizinesi yake, sakuchita poona kuti ndi udindo wake. Achimwene aja anakhala chete kaye, kenako anati, "Aphunzitsi, ndiye chitsanzo chathuchi n'chabwino kuposa chakecho. Wasitolo amaopa kuti mwana akanena kwa makolo ake. Mlendo wa pa depoti sadzabweranso, sadziwa dzina langa, palibe chimene ndingataye. Ndikapanda kumubera, chifukwa chake chatsala chimodzi chokha."

Ndinamva kutentha m'thupi ngakhale kunja kunali kuzizira. Mfundo imeneyi ophunzira ambiri amaiona pambuyo powerenga Kant kangapo. Iwowa anaiona pompo chifukwa funsoli amakumana nalo tsiku lililonse atagwira mahandulo a njinga. Mwana wa zaka 19 amakhala ndi ubongo wothamanga komanso nthawi yambiri, koma mafunso ambiri amachita kupatsidwa ndi aphunzitsi. Wolowa mochedwa amabwera ndi funso lake kale, loti lamuvutitsa zaka, ndipo salola yankho lophweka kumunyenga.

Pa nthawi yopuma, amayi a ku Zolozolo anandiitanira pakhonde. Ali ndi zaka 44, ana atatu, woyamba ali ku koleji. Akufuna digiri, ndipo mtima wawo uli pa filosofi, koma achibale akuwafunsa ngati akufuna kukakhala m'kalasi imodzi ndi ana awo. "Achimwene, ndiuzeni zoona, kodi sindinachedwe?"

Ndinawauza za Sophie Oluwole wa ku Nigeria. Mayi ameneyu anabadwa mu 1935, anayamba ngati mphunzitsi wamba, anakwatiwa n'kulera ana, ndipo digiri yake ya PhD ya filosofi anaitenga ku yunivesite ya Ibadan mu 1984, akuyandikira zaka 50. Anali mayi woyamba kutenga digiri yotere m'dziko lakelo, kenako anaphunzitsa ku yunivesite ya Lagos, n'kutchuka poyerekeza nzeru za Ayoruba ndi za Socrates, katswiri wa filosofi wakale wa ku Greece. Anamwalira mu 2018 dzina lake likudziwika kutali. Ndinatchulanso Mary Midgley wa ku England, amene anatulutsa buku lake loyamba mu 1978 ali ndi zaka 59, ana atakula, ndipo PhD analibe n'komwe. Henry Odera Oruka wa ku Kenya anapita ku Uppsala ku Sweden kukaphunzira sayansi ya zanyengo, filosofi n'kudzamukoka ali komweko, ndipo atabwerera kwawo ankayenda m'midzi kucheza ndi akuluakulu oganiza mwakuya amene ambiri mwa iwo sanapite patali ndi sukulu, n'kumalemba maganizo awo. Amayiwo anafunsa kalembedwe ka dzina la Oluwole n'kulilemba kuchikuto cha kope lawo.

Koma sindinafune kuimira pomwepo. Kulimbikitsa munthu osamuonetsa njira kuli ngati kumupatsa khasu lopanda mpini. Titabwerera m'kalasi tinakambirana poyera za makomo amene alipo. Dipatimenti ya filosofi imene ndikuidziwa bwino ili ku Zomba, ku University of Malawi, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi kuchoka kuno. Wolowa mwa njira ya nthawi zonse amafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Palinso khomo la mature entry, la anthu amene anamaliza sukulu kale ndipo agwirapo ntchito kapena ali ndi dipuloma, ndipo limeneli ndi limene lingawayenere amayiwa. Ndinawauza kuti chilengezo cha chaka chimene akufuna kulowa achiwerenge okha mzere ndi mzere, asadalire za m'maluwa, komanso ayambe pano kuwerengera fizi, lendi ya ku Zomba ndi nkhani ya tchuthi kuntchito kwawo. Kuno kwathu ku Luwinga, Mzuzu University (Mzuni), imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ili ndi maphunziro a zaumulungu ndi zipembedzo, momwe mafunso a chabwino ndi choipa amalowamo ndithu, komanso ili ndi njira ya ODL yoti munthu amaphunzira ali pa ntchito. Yunivesite ya UNISA ya ku South Africa imaphunzitsa filosofi munthu ali kwawo, kungoti fizi yake amalipira m'marandi, ndipo ndi mmene kwacha ilili pano si nkhani yamasewera.

Kwa achimwene a sacramento njira ndi yotalikirapo. MSCE yawo sinayende bwino, ndiye poyambira ndi kulembetsa ku open school madzulo n'kulembanso mayeso a MANEB. Ndinawauza osapsatira kuti Chingerezi ndi chimene chikufunika mphamvu zawo zambiri. Iwo anati ndalama ya mayeso aziika padera sabata ndi sabata. Abambo opuma aja anadzipereka kuti aziwayesa Chingerezi Lachitatu madzulo kunyumba kwawo ku Katawa, zimene sindinaziyembekezere kwa munthu amene anali atangotsutsana nawo kwadzaoneni.

Mnyamata wa ku seminale uja sanalankhule zambiri lero. Chimamupweteka n'chakuti kwawo amamunena kuti analephera unsembe, ngati kuti zaka zimene anakhala akuwerenga akatswiri akale a filosofi monga Aristotle ndi Aquinas zinapita m'madzi. Amalawi ambiri filosofi anakumana nayo koyamba m'maseminale, monga ku Kachebere ku Mchinji, ndipo ena mwa iwo anatenga njira zina m'moyo koma maphunzirowo anapita nawo. Pa logic mnyamatayu amatiposa tonse m'chipinda muja. Ndinamupempha kuti akatenge zikalata zosonyeza zimene anaphunzira ndi mmene anakhozera, kuti pofunsira malo ku yunivesite akhale ndi chogwirika m'manja. Ndinamupatsanso ntchito yoti sabata ya mawa ndi iye atitsogolere pa bolodi.

Funso limene silisowa linabwera cha kumapeto, kuchokera kwa abambo aja: "Nanga akamaliza adzadya filosofiyo?" Ndi funso loyenera, ndipo sindiseka wolifunsa. Ntchito zolembedwa kuti tikufuna wa filosofi ndi zochepa kwambiri m'dziko muno, pafupifupi zonse ndi zophunzitsa ku yunivesite kapena ku seminale, ndipo zimafuna digiri yachiwiri kapena yachitatu. Anzanga amene ndinaphunzira nawo ali m'masukulu, m'mabungwe, m'manyuzipepala, ena anapitiriza ndi zamalamulo. Chimene anatenga ku filosofi ndi luso lowerenga chikalata n'kuona pamene mfundo yadumphidwa, ndi kulemba momveka. Munthu wa banja aganize za zimenezi maso ali gwa. Mwayi wa wolowa mochedwa ndi wakuti nthawi zambiri ntchito ali nayo kale: namwino wodziwa filosofi ya chikhalidwe amakhalabe namwino, koma pakabuka nkhani yovuta ya ufulu wa wodwala amakhala ndi chonena chomveka.

Chimene ndimakakamira kwambiri pa kaguluka ndi kulemba. Kuganiza mwakuya aliyense amatha, agogo athu kumudzi amatiposa. Filosofi ya kusukulu imafuna kuti maganizowo uwaike papepala mwadongosolo, unene chimene ukukhulupirira, upereke zifukwa, kenako udzifunse wekha chimene wokutsutsa wanzeru anganene, n'kumuyankha. Apa m'pamene olowa mochedwa amavutikira, chifukwa ena chimangirizo chawo chomaliza analemba zaka 20 zapitazo. Ndiye lamulo lathu ndi lakuti aliyense azibwera ndi tsamba limodzi. Timakangana m'Chichewa, ena amaponyamo Chitumbuka mkangano ukatentha, kenako tsamba lomwelo timalilembanso m'Chingerezi popeza mayeso adzakhala m'Chingerezi. Sindiona cholakwika pamenepo. Malemu Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa ku Zomba, analemba za mmene Achewa amamuonera munthu, ndipo zolemba zake zimawerengedwa kunja. Grivas Kayange wa ku yunivesite yomweyo wagwiritsa ntchito Chichewa ndi miyambi yake pofufuza za tanthauzo ndi choonadi. Zimene timakambirana ku Katoto zili ndi malo m'maphunziro apamwamba.

Mabuku ndiye vuto lathu lalikulu kuno kumpoto, makamaka chipsereni laibulale ya Mzuni mu Disembala 2015, pamene mabuku ochuluka anatha ndi moto usiku umodzi. Ku National Library m'tauni muno mumapezeka ena ochepa oyambira. Chimene chatipulumutsa ndi Stanford Encyclopedia of Philosophy, imene ili pa intaneti mwaulere kuyambira 1995, yolembedwa ndi akatswiri. Mmodzi akagula bandulo amatsitsa nkhani imodzi n'kugawira ena pa WhatsApp. Chingerezi chake n'cholimba, choncho ndimawauza kuti ndime imodzi patsiku ndi yokwanira, aiwerenge kawiri katatu, dikishonale ili pambali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Titaweruka ndinadzera ku Zigwagwa kukagula usipa ndi tomato, dzuwa litayamba kutulukako. Cha m'ma 8 koloko usiku foni inalira: amayi a ku Zolozolo atumiza chithunzi cha tsamba lawo, sanadikire Loweruka. Funso lawo ndi lakuti kodi n'chilungamo kubwereza kalasi mwana amene walephera chifukwa chojomba posamalira mayi ake odwala. Alemba bwino, zifukwa zawo zili m'malo mwake, koma mbali ya wowatsutsa aipatsa mizere iwiri yokha. Ndawayankha kuti alembenso ndime imeneyo ngati kuti iwo ndi ahedi amene akuumirira kuti mwanayo abwereze, ndipo aimange molimba mpaka iwo eni achite nayo mantha. Anena kuti atumiza Lachiwiri akamaliza kuchonga makope. Anamwino nawo alonjeza kubwera ndi nkhani ya achibale amene amapempha kuti wodwala asauzidwe matenda ake, ndiye mawa ndikachoka kutchalitchi ndikafunefune poti ndisindikize masamba oti tonse tiwerenge pa nkhani ya kunama.