Kuthokoza onse amene munatigwira mkono pa matenda a achemwali anga

M'malo mwa banja lathu, ndikuthokoza abale, anansi ndi akumpingo amene simunatisiye tokha kuyambira tsiku lija achemwali anga anagwa pakhonde akusankha mpunga, pakamwa patapotoka ndiponso mkono wamanzere utachita dzanzi. Lero akuyenda okha ndipo abwerera kuntchito.

Madokotala anapeza kuti inali sitiroko yaing'ono, yobwera chifukwa cha magazi amene anaundana mumtsempha wa mu ubongo. Mapulateleti awo, timaselo tija timene timaumitsa magazi munthu akavulala, anali atapitirira 1,000,000 pa maikulolita imodzi (kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi), pomwe mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000. Atatsimikiza kuti gwero silinali kuchepa kwa ayironi kapena matenda ena a m'thupi, anapempha kuti ena a m'banja tiyezetse, ndipo amayi athu ndi ine tinapezeka ndi vuto lomwelo.

Apa ndithokoze mwapadera asuweni athu a ku Johannesburg, amene anasonkha ndalama zoti magazi akayezedwe mozama ku South Africa. Zotsatira zinaonetsa kusintha mu jini yotchedwa THPO (jini ndi malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo). Jini imeneyi imalamulira thrombopoietin, mankhwala achilengedwe opangidwa makamaka m'chiwindi, amene amauza mafuta a m'mafupa kuti apange mapulateleti. Kwa ife mankhwalawa amachuluka mopitirira muyezo. Tinauzidwa kuti kusintha kotere kunadziwika koyamba mu 1998 m'banja lina la ku Netherlands, kuti m'mabanja ena vuto limakhala mu jini ya MPL kapena ya JAK2, ndiponso kuti kholo limodzi likakhala nalo, mwana aliyense akhoza kulitengera kapena ayi, mwayi wake theka ndi theka. Agogo atamva mawu akuti jini anaganiza za mizimu, ndipo amalume ndiwo anakhala nawo pamphasa mpaka madzulo kuwafotokozera kuti ndi nkhani ya kumtundu, palibe amene anatilodza. Amalume, ntchito imene munagwira tsiku limene lija inali yaikulu, chifukwa maina a anthu anali atayamba kale kutchulidwa.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti kwa zaka zambiri amayi ankadandaula kuti mapazi akuwatentha ngati aponda makala, ife n'kumati ndi ukalamba, osadziwa kuti timitsempha tating'ono tinkatsekeka. Matendawa ndi odabwitsa, chifukwa mapulateleti akachulukitsitsa munthu amathanso kutuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama, ndipo ena kapamba amatupa. N'chifukwa chake asipirini wa 75 mg amene amayi akumwa anachita kulemberedwa ndi dokotala, si wogula okha pagolosale.

Amayi a Mvano, phala limene munkabweretsa m'bandakucha kuchipatala achemwali akulikumbukirabe. Anamwino amene munawaphunzitsa kugwiranso supuni, Mulungu akudalitseni. Mwezi wamawa tikupita ndi ana athu kukayezetsa, ndipo tikupempha kuti mupitirize kutikumbukira m'mapemphero.